Masamba Amene Chiswe Chinadya

Bukulo ndinalipeza m'kabati ya kusukulu, chaka choyamba nditatumizidwa kukaphunzitsa ku Tembwe, kuchigwa cha Luangwa. Linalibe chikuto. Inali nkhani yakalekale ya kutsidya kwa nyanja, ya munthu amene atate ake anamenyedwa mpaka kufa ndi mwini munda wolemera. Atakula anasonkhanitsa alimi anzake, nakathyola chipata cha nyumba yaikulu, lupanga n'kuliika pakhosi pa bwanayo. Nditatembenuza tsamba, ndinangopeza dothi. Chiswe chinali chitadya masamba onse omaliza. Zinandiwawa, ine!

Kodi anamupha, kapena anamukhululukira? Ndinafunsa aphunzitsi anzanga onse, koma panalibe amene analiwerengapo. Funsolo linandikhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi.

Loweruka lina masana ndinapita kukathandiza kutong'ola chimanga kwa amake mapasa, amene khomo lawo linayang'anana ndi nyumba za aphunzitsi. Panali azimayi angapo, ndipo ndinawafotokozera nkhani yonse m'Chinyanja changa cha ku Chipata, iwo akumasulirana m'Chisenga. Ndinalusa nazo za olemerazo, mpaka kumenya chitsononkho pansi.

Amake mapasa anandifunsa, "Amadamu, m'nyumba yaikuluyo madzi ankatunga ndani?"

"Buku silinanene."

"Ehe. Nanga pachitsime ankayamba ndani?"

Ndinaseka, ndikuti mafunso anjinso amenewa. Iwo sanaseke. Anangoti, "Mathero ake ine ndiwadziwa. Lolemba mubwere kumjigo, ndikakuuzani."

Kumjigo kunali mwambo umene ndinaupeza ndipo sindinaufunsepo. Anthu ankandandalika zigubu m'mamawa, aliyense n'kudikira nthawi yake. Koma mphunzitsi akangofika, mzere unkapatuka: "Apiteko amadamu, belu lingawalirire." Ine ndinkati ndi ulemu wa anthu a kuchigwa, ndipo ndinkaukonda.

Lolembalo ndinafika ndi zigubu zanga zitatu, n'kuziika kutsogolo monga mwa masiku onse. Amake mapasa anazinyamula mwaulemu, ndi manja awiri, nakaziika kumchira kwenikweni. Wopopa anapitiriza kupopa.

"Amake mapasa, n'chiyani manje?"

"Ndi masamba aja chiswe chinadya, amadamu."

Ndinakwiya. Ndinafuna kuchoka, koma kunyumba kunalibe ngakhale dontho, ndipo, kunena zoona, ndinkafunabe kumva mathero. Ndinaima. Dzuwa la ku Luangwa silidikira kuti ulizolowere. Ndinawerenga zigubu zimene zinali patsogolo panga mpaka ndinatopa nazo. Belu loyamba linalira ndili pakati pa mzere.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira amene anaima patsogolo panga: mmodzi wa mapasa aja, mtsikana wa m'kalasi mwanga, yunifomu atavala kale, akuyang'ana kusukulu n'kuyang'ananso kumjigo. Mwana ameneyu ndinali nditamupatsa chikwakwa kangapo kuti atchetche udzu chifukwa chochedwa. Tsiku lina ndinamunena pamaso pa anzake kuti amakonda tulo. Tulo tanji? Ankachedwa atadikira kumbuyo kwa zigubu zanga, ndi za aphunzitsi anzanga.

Manyazi amene ndinamva, Mulungu ndiye adziwa. Pofotokoza nkhani ija ndinkadziona ndili pakati pa othyola chipata. Sindinaganizepo kuti ena ankandiona ndili m'kati mwa mpanda.

Nditatunga, ndinafunsabe, poti chidwi changa sichimva manyazi: "Nanga anamupha?"

"Aphe bwanji? Wakufa amaphunzira chiyani?" anatero amake mapasa akunditwika chigubu. "Anangomuimika pamzere."

Kusukulu tinafika limodzi ndi mtsikanayo, belu lachiwiri litalira kalekale. Sabata imeneyo woyang'anira ochedwa ndinali ine. Ana asanu ndi mmodzi anali ataima pakhomo la ofesi kudikira chilango, madiresi atanyowa m'mapewa, monga inalili bulauzi yanga. Mtsikana uja anapita yekha kukatenga chikwakwa, osauzidwa.

Ndinamulanda m'manja. "Lowani m'kalasi nonse," ndinatero. Udzu wa tsiku limenelo ndinatchetcha ine.