Ndinakhalira sipika

Anzanga a pa Namitete anakonza phwando loti aliyense avale zoopsa, ena ngati mizukwa, ena ngati mitembo. Ine, wodzitcha katswiri wa nyimbo, ndinalonjeza kubweretsa zochititsa nthumanzi, zamagitala okalipa zija amati roko.

Masana ndinakayesa sipika kuseri kwa nyumba. Nyimbo yoyamba inatsegula ndi mzimayi akulira mokweza, magitala asanalowe. Sindinaganize kuti kwathu kuno kulira kotero kumanena chinthu chimodzi basi.

A Nabanda, oyandikana nafe, amuna awo anali gone kuchipatala. Mayiwo anatulukira kuchokera kudimba akuthamanga, khasu atataya, matope mpaka m'mawondo.

"Achimwene, mwamva inunso? Kodi ndi bambo akunyumba? Atisiya?"

Ndinali nditazimitsa kale. Sipikayo ndinaikhalira ngati mpando.

"Ine sindinamve kanthu, mayi."

Sabata isanathe bambowo anamwaliradi. Akwaya anadzapempha sipika yomweyo, ndipo ndinaisenza ndekha kupita nayo pasiwa.

Mpaka lero a Nabanda amauza anthu kuti malodza anawapeza kudimba, kulira kumene anamva iwo okha. Akatembenukira kwa ine, ndimangoti, "Zimachitika, mayi."