Kuonda kwa amayi

Amayi anga anali munthu wathupi, ndipo kwathu ku Kabwata, mu Lusaka, thupi linali ulemu. Bambo atamwalira, azimayi anzawo a chigwirizano cha kutchalitchi ankawatama kuti umasiye sunawagwetse.

Zinali zaka zija tinkaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira kusitolo ya boma. Anamwino a kukiliniki anayamba kuyendera magulu a azimayi Lachinayi, kupima BP ndi shuga, makamaka kwa onenepa. Amayi anawapeza ndi zonse ziwiri. Ndinapempha tchuthi kuntchito yanga yotaipa m'tauni n'kuwaperekeza kukamva malangizo.

"Amai, mchele muchepeseko," anatero sista. "Vitumbuwa na tiyi ya shuga mulekeletu. Iyi thupi ifunika ibwelele pansi."

Amayi anamvera, ine n'kusanduka wapolisi wa m'khichini. Mchere ndinkabisa, mapiritsi ndinkawayang'anira mpaka ameze. Mutu unasiya kuwawa, mapazi anaphwa, kumsika wa ku Kamwala ankapita wapansi osapumira panjira. Madiresi atayamba kukhwepa, ndinanyadira ngati ndawachiritsa ndine.

Koma ndi nthawi yomweyo imene matenda atsopano aja, amene anthu sankawatchula dzina, anayamba kuondetsa anthu mu Lusaka. Mkazi wamasiye, woonda, wopita kukiliniki mwezi ndi mwezi: anthu anamaliza okha nkhani. Kuchigwirizano anayamba kuwapatsa kapu yawoyawo. Mayi woyandikana nafe analetsa ana ake kudya kwathu.

Mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndili pamakina kuofesi, maganizo ali ku Kabwata. Ndinkafuna kulowa nyumba ndi nyumba kukawakalipira, amayi n'kundigwira mkono. Tsiku lina ndinaweruka msanga, ndinawapeza kuseri kwa nyumba akudya zitumbuwa mothamanga, mafuta ali nyezinyezi m'zala.

"Amai, mufuna kufa?" ndinakuwa.

"Iwe uchoka kuseni, ubwela mumazulo," anandiyankha osakweza mawu. "Ine ndine ninkhala na aba bantu."

Kukiliniki anasiya kupita, poti kuoneka pamzere kunkawonjezera manong'onong'o. Sista anawalondola mpaka kunyumba, iwo anamulandira bwino, kumuphikira tiyi, kuvomera zonse, osapitabe. Thupi linabwerera. Kapu yapadera ija inasowa, anzawo anayambanso kudzacheza pakhonde, ndipo amayi ankaseka. Kuseka kumeneko kunkandipsetsa mtima, komanso ndinali nditakusowa.

Anagwa m'mawa wina akuyanika zovala. Mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka, ndipo sanalankhulenso mpaka anatisiya.

Azimayi a chigwirizano ndiwo anasambitsa thupi. Atamaliza, mmodzi wa iwo, yemwe uja anayambitsa za kapu, anadzakhala pambali panga n'kundisisita pamsana.

"Usalile maningi, mwana wanga," anatero. "Taona tonse, amai ako bayenda na thupi yao yonse. Siinali ija matenda."

Ankanena ndi mtima wonse, kuti anditonthoze.