Utoto wa M'zikope Umene Ndinagula ku Cuamba

Mkazi wanga, Rozita. Mwana wathu Tereza, amene tsopano akukulira kwa abale a mayi ake. Nyumba ya njerwa zosawotcha imene tinamanga awiri. Mano akutsogolo. Khutu lakumanzere, limene silimvanso kanthu. Izi n'zimene ndinataya, ndipo zonse zinayambira pa kabokosi kotchipa ka utoto wa m'zikope, kamene ndinagula ndi manja angawa.

Inu owerenga, chisoni musandimvere. Ndikulemba chifukwa panali mawu ochepa amene ndinayenera kunena tsiku limenelo, ndipo sindinawanene.

Ine ndinakulira ku Cuamba, kumene bambo anga ankagwira ntchito ya njanji. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza kumudzi wina wa ku Ngauma, pafupi ndi Itepela. Inali nthawi imene anthu ankabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Ankapeza mabwinja okhaokha, ndipo ana ndinkawaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Rozita, amene anakulira ku Malawi kothawira nkhondo. Titakwatirana ndinamanga pamudzi pawo, monga amachitira mkamwini aliyense.

Mwini mbumba pamudzipo anali mchimwene wake wa Rozita, dzina lake Jafali. Anamenya nawo nkhondo, kenako anabweza mfuti n'kuyamba kulima fodya. Sanali munthu woipa. Koma iye ali kunkhondoko, mlongo wawo wamkulu anamwalira ku Malawi atamenyedwa ndi mwamuna wake, popanda wachibale womuleretsa. Jafali anandiuza zimenezi pa tsiku la chinkhoswe, mosakweza mawu, nati mlongo amene wamutsalira ndi Rozita yekha. Ndinamva, koma ndinangoti ndi mawu amene alamu onse amanena.

Patapita zaka, apongozi anga aakazi anamwalira. Kwawoko mwana wamkazi akafedwa mayi sadzola zonunkhira, saluka tsitsi, savala chitenje chowala, chimene kuno timati kapulana, mpaka tsiku lometa kachiwiri. Wophwanya mwambowu amamunena kuti wasekerera imfa ya mayi ake, ndipo dzina limenelo amakalamba nalo. Miyezi inadutsa. Rozita, munthu amene ankakonda kuima pagalasi n'kumadziseka yekha, anauma nkhope. Zinkandiwawa, ndipo mumtima ndinkati mwambo umenewu ndi wa anthu osapita kusukulu.

Nditapita ku Cuamba ku msonkhano wa aphunzitsi, ndinalowa mu loja ina, kasitolo ka pafupi ndi siteshoni. Mayi wogulitsa anandionetsa kabokosi ka pulasitiki, mkati muli timibulu ta utoto wamitundumitundu, tolimba, totukumuka ngati timabanzi. Anati dzina lake ndi sombura, wodzola m'zikope, ndipo anati umenewu ndi wowotcha mu uvuni, n'chifukwa chake sumwazika ngati waufa. Mtengo wake unali woti mphunzitsi angakwanitse. Anandilangiza kuti munthu akanyowetsa chala asanatenge, mtundu umagwira kwambiri ndipo suchoka msanga. Anadzipaka pamsana pa dzanja kuti ndione. Ndinagula, ndinakwera chapa, minibasi yodzera ku Mandimba, ndikudzimva kuti ndine mwamuna wabwino.

Rozita atakaona kabokosiko anaseka, koyamba chimwalirire mayi ake. Kenako anakakulunga m'nsalu nati kadikire kumeta. Wokakamira ndinali ine. Loweruka masana, Tereza atagona, ndinatseka chitseko n'kumuuza kuti m'nyumba muno muli ine ndi iye basi, ayese pang'ono, apukuta. Anakana. Ndinachonderera mpaka anavomera.

Anayamba ndi wooneka ngati golide, koma pakhungu lake unatuwa, nati akuoneka ngati wachokera kuchigayo. Anaupukuta, ndipo unachoka mosavuta popeza chala chinali chouma. Kenako ananyowetsa chala, monga ndinamuuzira, n'kutenga wa mtundu wa biringanya. Anadzola diso limodzi lokha, lakumanja, kuti ayerekeze ndi linzake. Anatembenuka n'kundifunsa ngati mayi amenewa ndikuwadziwa. Ndinati ayi, ndipo ndinawafunsa ngati ali pabanja. Tinaseka motsitsa mawu ngati ana akuba shuga.

Panja panamveka odi. Anali mayi ake aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, atabwera kudzabwereka sefa. Rozita anatunga madzi mumtsuko n'kuyamba kutikita diso ndi nsonga ya kapulana. Utotowo sunachoke. Unangofalikira kuzungulira diso lonse, ndipo chifukwa cha kutikitako chikope chinatupa, diso linafiira, misozi ikutsika. Odi anamvekanso, ndipo anayenera kutuluka.

Mayi aja anamugwira chibwano n'kumufunsa chimene chachitika. Rozita anawerama. Akanati ndi utoto, ndiye kuti akuvomera pamaso pa mng'ono wa mayi ake kuti wadzikongoletsa maliro asanathe. Mayi aja anasuzumira m'nyumba, anandiyang'ana ine, n'kuchoka sefa osatenga.

Rozita analowa m'nyumba. Anandipempha kuti ndiwathamangire ndikawauze zoona, kuti utoto ndinagula ndine ndipo ndinamukakamiza ndine. Anati zikachokera pakamwa panga mlandu ukhala wa mkamwini wosadziwa mwambo, ndidzapepesa ndi nkhuku, nkhani n'kutha. Ndinakana. Ndinati sindingakagwade pabwalo chifukwa cha utoto, ndipo ndinamuuza kuti atenge sopo akasambe bwino kuseri kwa nyumba.

Ali kuseriko, Jafali anafika kuchokera kudimba ndi msuweni wake, khasu lili m'manja. Anaima pabwalo osakhala pansi.

"Alamu, diso la mlongo wanga latani?"

Anafunsa mwaulemu. Inu owerenga, kabokosi kaja kanali pamphasa, kuseri kwa chitseko chimene ndinatsamira. Ndikanangotembenuka n'kukatulutsa. M'malo mwake ndinamuyankha m'Chipwitikizi, chimene ndinkadziwa kuti amachimva movutikira. Ndinati za m'nyumba mwanga sizikumukhudza, ndipo ndinawonjezera kuti pano si kunkhondo.

Jafali anatembenuza khasu lija. Anamenyetsa mpini pa chitsa, khasu linagweruka. Mpini woyamba unandipeza pakamwa, ndipo ndinamva mano akuthyoka ndisanamve kupweteka. Msuweni uja anandigwira manja kumbuyo. Wachiwiri unagwera pakhutu, mbali imodzi ya dziko inangoti zii. Nditagwa anayamba kundiponda m'nthiti, onse awiri, osalankhula, ngati anthu amene ali pa ntchito. Pamenepo ndi pamene ndinafuna kunena zoona, koma m'kamwa munali magazi okhaokha.

Rozita anatulukira akuthamanga, thovu la sopo lili kumaso, akukuwa kuti achimwene ndi utoto, ndi utoto chabe. Anadziponya pamwamba panga. Mpini unali utayamba kale kutsika. Unamupeza kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa khosi. Mmene unamvekera sindifotokoza.

Jafali anataya mpini. Anagwada, anapukuta chikope cha mlongo wake ndi chala chachikulu, n'kuyang'ana chalacho. Chinali cha mtundu wa biringanya. Sanalire. Anangothamanga kukatenga njinga.

Rozita tinamukhazika pakaliyala, Jafali akukankha, ine nditamugwirira kuti asagwe, mpaka kumsewu waukulu. Galimoto yoyamba imene inaima inali yonyamula matumba a chimanga kupita ku Mandimba. Tinamugoneka pamatumbapo, mutu wake uli pamiyendo panga. Magazi ankatuluka m'khutu mwake. Anamwalira tikuona madenga a Mandimba patsogolo pathu.

Jafali anakadzipereka yekha kupolisi madzulo omwewo, ndipo pamene ndikulemba pano ali kundende. Maliro atatha, akuluakulu a mbumba anandiitana n'kundiuza, mwaulemu wonse, kuti mkamwini wopanda mkazi alibe malo pamudzi, ndipo mwana ndi wa kuchikazi. Amayi ena ankanong'onezana kuti mzimu wa malemu ndi umene unakwiya chifukwa cha utoto uja. Sindinatsutse chilichonse. Ndinanyamula mabuku anga n'kubwerera ku Cuamba. Tereza ndimakamuona pa tchuthi, ndipo amandipatsa moni atagwada patali, ngati mmene amachitira kwa mphunzitsi aliyense.

Inu owerenga, utoto ulibe mlandu, ngakhalenso mayi amene anandigulitsa uja. Mkazi kufuna kukongola si tchimo. Koma inu amuna anzanga amene munakwatira kumudzi kwa eni, makamaka inu amene munapita kusukulu, dziwani kuti mwambo umene mukuuseka m'chipinda, wokauyankha pabwalo ndi mkazi wanu. Mukamupangitsa kuuphwanya, mukhale oyamba kutuluka n'kunena kuti ndinu. Mlamu akakufunsani funso, muyankheni m'chilankhulo chimene amamva, ngakhale funsolo likukuchititsani manyazi. Manyazi amene ndinkawathawa ine akanatha ndi nkhuku imodzi.

Ndipo inu alongo a akazi athu, ndikudziwa kuti ambiri munaika m'manda alongo anu omenyedwa, ndipo mkwiyo wanu uli ndi pochokera. Komabe muitaneni kaye mlongoyo pambali, mumufunse yekha, mugwire chilondacho ndi dzanja lanu.

Pagalimoto paja Rozita anatsegula maso kamodzi. Anandiyang'ana pakamwa, pamene magazi anali atauma, kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira chikope chake. Ndinatembenuza khutu limene linatsala kuti ndimve.

"Bambo a Tereza, ndipukuteni bwinobwino disoli tisanafike. Kuchipatala angaganize kuti ndinu."