Pikapu imene ndinagulira amayi

Galimotoyo ndinaigula chifukwa cha amayi. Iwo amakhala pakomboni ya famu ina cha ku Shamva, ndipo mwezi uliwonse ayenera kuonekera kuchipatala ku Bindura chifukwa cha shuga amene wawadya mapazi. Mvula ikagwa, msewu wa kufamuko umasanduka phala, maminibasi amene kuno timati makombi amathera pa tala. Zodzakhala nane ku Chiwaridzo, lokeshoni ya ku Bindura komweko, anakana kalekale, akuti sangasiye manda a bambo.

Nditamva kuti mnyamata wina wokumba golide akugulitsa pikapu yokoka mawilo onse anayi, ndinathamangira ngati ikutha. Inali nkhalamba, chitseko chimodzi chomanga ndi waya, kumbuyo kophwanyika ndi miyala. Makaniko wa pamsika ndinamuonetsa nditagula kale. Anaimvetsera nati, mosakaniza ndi chinenero cha kuno, "Mukoma, mota iyi yakaneta, yatopa. Difu yakutsogolo, chitsulo chopereka mphamvu kumawilo, ikugogoda. Iyendabe, asi tsiku ikadzafa mudzalira." Atatchula mtengo wa difuyo ndinangoseka, poti kulira pamsika n'kochititsa manyazi.

Ndinati ndiisunga ngati dzira. Kamodzi pamwezi kwa amayi, basi, kufikira nditapeza ndalama yokonzetsera.

Ndinaiwala kuti ndine mwana wa ndani. Ife amene makolo athu anachoka ku Malawi kudzakumba migodi tilibe mudzi kuno. Chimene chimatisonkhanitsa ndi tchalitchi ndi maliro. Posakhalitsa mkulu wa mpingo wathu anafika pageti, chipewa chili kumanja. "Mwanangu, tamva kuti Mulungu watikumbukira ndi galimoto." Panali bokosi la maliro loti lipite kumgodi wa Jumbo. Kenako nkhuni za pamaliro ena, kenako azimayi oimba pamaliro. Dizilo amathira, ndisawanamizire, koma dizilo sachiritsa difu.

Ndinasiya kutsegula wailesi. Ndinkayendetsa khutu lili pansi pa mapazi anga, kumvetsera kugogodako. Anthu kumbuyo akuimba nyimbo za kumanda, ine mtima uli pa chitsulo. Ndinkawakwiyira, ngakhale malemu amene, kenako n'kudzimvera manyazi.

Mwezi wotentha uja mvula isanayambe, ndikuwabweza amayi kuchipatala, ndinawauza kuti ndiyamba kukana.

"Uwakane?" anatero, maso ali kunja. "Bambo ako anapita kumanda pa thirakitala ya eni famu, bokosi anakhoma ndi anthu omwewo."

"Amayi, ikafa mvula ili mkati, ndidzakutengani pa chiyani? Kukonzetsa sindingathe."

"Iwe ukundisungira ulendo wa kuchipatala. Ine ndikuganiza za ulendo winawo. Ukawakana lero, tsiku langa udzakumba wekha?"

Tinafika pakomboni. Ndinawatsitsa, ndinawanyamula mpaka pakhonde, poti mapaziwo salolanso kuponda miyala. Anali opepuka kuposa mwezi wathawo.

Pobwerera ndinaima pakamtsinje kouma kamene kamadula msewu wa kufamu, ndinayesa giya ya mawilo anayi. Inalowa monyinyirika, ndipo kugogoda kuja kunamveka mpaka m'chiwongolero. Kumwamba kunali kutayamba kuda. Ndinachita mantha, ndipo panalibe woti ndimuuze.

Nditafika ku Chiwaridzo ndinapeza mkulu wa mpingo ataima pageti, chipewa chili kumanja. Injini sindinazimitse. Ndinangomasula waya wa pachitseko kuti akwere.