Pamzere wa Feteleza ku Santhe

Chaka china cha makuponi, ine ndi agogo tinapita ku Santhe kukagula feteleza. Agogowo ndiwo anandilera makolo anga atamwalira. Pakhomo tinalipo awiri basi.

Feteleza ankagulitsira m'sitolo yakalekale, ya njerwa zomangira dothi. Ming'alu yake ankangoipaka laimu chaka ndi chaka, ndipo zipilala za khonde zinali zitadyeka kunsi ndi mvula. Okalamba ankakhala pakhondepo, pafupi ndi chitseko, ife ana tili padzuwa.

Tsikulo feteleza anali atatha, tinkadikira lole. Dzuwa litakwera kunamveka kulindima, malata n'kuyamba kulira. Wina anakuwa, "Lole yafika!" Anthu onse anathamangira kukhonde, aliyense kuopa kulandidwa malo.

Ine sindinathamange. Ndinali kuyang'ana ndowa ya mayi wogulitsa thobwa. Thobwalo linkatayika lokha, popanda woligunda, ndipo kumsewu kunalibe fumbi la galimoto.

"Chivomezi icho! Chokani pakhondepo!" anakuwa bambo wachisilamu wa golosale ya tsidya la msewu. Ena anamva nabwerera. Agogo ayi.

Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka ndinawapeza atatsamira chipilala.

"Agogo, tiyeni."

"Iwe, ndadzuka m'mbandakucha ine. Malo anga ndisiyire yani?"

"Khoma likugwedera."

"Ligwedere. Ine ndakhala."

Sindinali mwana wotsutsana ndi akulu. Ndinangotsomphola kampango komwe anamangamo kuponi, n'kuthawa nako. Ananditsata ndodo ili m'mwamba. "Kambava iwe! Ndikakugwira udziwanso!"

Tisanafike pamsewu, kumbuyo kunamveka chiphokoso. Chipilala chija chinathyokera pomwe chinadyekapo, mtanda ndi malata n'kutsatira, kenako njerwa za pamwamba pa khoma.

Chivomezicho chinali chaching'ono. Nyumba za aphunzitsi, zomangira simenti, sizinang'aluke n'komwe, ndipo kumudzi ena anati sanamve kanthu. Koma dothi lakale siligwira njerwa. Ingogwedezani pang'ono, iliyonse ipita kwake. Bambo wina anathyoka mwendo, ena anatemeka ndi malata. Palibe anafa.

Agogo anakhala pansi m'fumbi, akuyang'ana mulu wa njerwa pamalo pawo paja. Ndodo inali itagwa.

"Bweretsa kuno kampangoko," anatero.

Ndinawapatsa. Tinabwerera kumudzi opanda feteleza. Ine ndinkayenda pambuyo pawo, kumangowayang'ana akuyenda.