Magetsi Anayaka Masana

Kontakita ija, swichi yodziyatsa yokha, inali yakuda, yaikulu ngati chibakera cha munthu wamkulu. Inkakhala m'bokosi lachitsulo la magetsi limene amalume anga, omwe ankagwira ntchito ya zamagetsi, anakhoma pa khoma la shedi yosankhiramo fodya, pa esiteti ina kufupi ndi Kamwendo. Ikagwira inkalira kuti khwa! ndipo mababu onse a panja pa shedi ankayaka nthawi imodzi. Kenako inkangong'ung'udza chapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Lero imvi zadzaza mutu, koma ndikamva loko wa chitseko akulira chomwecho, ndimatembenuka n'kuyang'ana babu.

Chinali chaka choyamba cha sukulu ya pulayimale yaulere. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, mawu atayamba kale kukula, koma ndinalowa Sitandade 1. Ndinkakhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango, mawondo ali m'chibwano, pakati pa ana oti ndikanatha kuwabereka kumsana. Ankanditchula kuti abambo a m'kalasi. Aphunzitsi nawo ankati, "Akuluakulu kumbuyoko, tatiwerengerani," ndipo ndikakakamira pa chilembo, kalasi yonse inkafa ndi phwete. Sindikunena izi kuti ndidzichotsere mlandu. Ndikungonena mmene zinalili.

Amalume ndiwo anaumirira kuti ndilowe sukulu. Ndi iwonso anandionetsa mmene bokosi lija linkagwirira ntchito. Kunja kwa khoma anaikako kachipangizo kozungulira kamene ankakatchula kuti diso. Kunja kukada, disolo linkauza kontakita kuti igwire. Kukacha, kontakita inkamasuka, magetsi n'kuzima. Tsiku limene anamaliza kulumikiza mawaya, anaphimba diso ndi chipewa chawo dzuwa likuswa mtengo. Tinadikira pang'ono. Khwa! Mababu onse ngwee. "Waona? Chimenechi sichidziwa nthawi, chimadziwa mdima basi," anatero akuseka.

Kunali kuzizira kwa mu Juni, fumbi la fodya likuyetsemulitsa aliyense. Tsiku lina titaweruka ndinatenga ana anayi a m'kalasi mwathu, nditawalonjeza kuti ndiyatsa magetsi a pa esiteti osakhudza swichi. Ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha andiyang'ane ngati munthu wodziwa kanthu. Njinga ya amalume ndinaiona itatsamira pa khoma. Ndinaiona ndithu. Ndinangodziuza kuti ali m'kati akucheza ndi akapitawo. Ndinakwera pa mgolo, n'kuphimba diso ndi kope langa la masamu.

Khwa! Anawo anaomba m'manja. Kuseri kwa shedi kunamveka makwerero achitsulo akugwa, kenako chinthu cholemera, thii! Amayi osankha fodya anayamba kukuwa.

Amalume anali pamwamba, akukonza waya wa babu lina limene linkathimathima. Poti kunali masana, anadalira kuti mawaya a panja alibe moto, ndipo sanavutike kukazimitsa swichi yaikulu. Motowo sunawaphe. Unangowaponya pansi, msana n'kumenya njerwa.

Ana aja anathawa. Ine ndinatsika, kope n'kulibisa m'malaya, ndipo ndinathamangira kuseriko ngati wina aliyense. Ndinagwira nawo ngodya ya chiguduli chimene anawanyamulirapo. Chikhatho chawo chinkanunkha ngati nthenga za nkhuku zowauka.

Atatuluka kuchipatala cha ku boma, miyendo inali itasiya kumva. Miyezi yotsatira anangogona pa mkeka m'nyumba ya amayi, omwe anali mlongo wawo. Amayi ankawatembenuza m'mawa ndi madzulo kuti asatuluke zilonda, ine n'kumagwira miyendo, yozizira ndi yolemera ngati mitengo yaiwisi. Ankawasisita ndi mafuta a nsatsi. Tinawatengera pa ngolo kwa asing'anga a kutsidya kwa malire. Akumpingo anabwera kudzapemphera. Palibe chimene chinasintha. Ine ndinkangotunga madzi, kukataya chitini cha mkodzo, ndi kudikira tsiku limene mmodzi wa ana aja adzaulule. Sanaulule, ankaopa kukwapulidwa. Kusukulu anasiya kundiseka, ndipo chete wawoyo ankandiwawa kuposa phwete lija.

M'mudzi nkhani inali imodzi: magetsi sayaka okha masana. Anthu anayamba kutchula mlonda wa pa esiteti, mkulu wina wochokera ku Zambia amene anakanganapo ndi amalume chifukwa cha waya wotsala. Amayi anafuna kukaombeza. Zonsezi ndinkazimva ndili pakhomo. Katatu ndinalowa m'nyumba kuti ndinene. Katatu konse ndinangofunsa ngati akufuna madzi akumwa.

Amalume ndiwo anakana zokaombezazo. "Achemwali, musiyeni mlonda uja, ali ndi ana. Wamagetsi amazimitsa swichi yaikulu, kiyi n'kuika m'thumba, asanakwere pamwamba. Ine sindinatero. Palibenso wina." Mawu amenewa ankawanena kwa aliyense wobwera kudzawazonda, abusa, akapitawo, ngakhale ogulitsa nthochi. Koma kawirikawiri ankawanena ine ndikusesa kapena ndikuwafunditsa bulangete, mokweza, ngati m'nyumbamo munali munthu wogontha. Ndipo m'mawa uliwonse, ndikayamba kuzengereza pakhomo, ankati, "Iwe, miyendo yafa ndi yanga. Yakoyo ipite kusukulu."

Ndinkapita. Ndinaphunzira kuwerenga chaka chimenecho, ndipo ndi zilembo zomwezo ndikulembera izi.

Nthawi imeneyo, Mulungu andikhululukire, ndikamva amalume akudziimba mlandu mtima unkakhala m'malo. Ndinkati sakudziwa, ndapulumuka. Ndinali ndisanamvetse kuti wamagetsi sangalephere kudziwa chimene chayatsa magetsi amene analumikiza ndi manja ake, ndiponso kuti mawu aja sankauza alendo ayi. Ankauza ine, tsiku ndi tsiku, mpaka pamene anamwalira, ndipo sindinawayankhe ngakhale kamodzi.