Shawelo ya Pepo

Mayi amene tayandikana nawo kuno ku Mtiya ankataipa ku Nyumba ya Malamulo isanasamuke mu Zomba. Wailesi yawo sizima. Ikanena kuti aphungu akufuna kusintha malamulo a dziko kuti mtsogoleri aimenso kachitatu, iwo amaikalipira ngati munthu: "Tinalemba kuti kawiri basi! Inki sinaume n'komwe!" Ine ndimathamangira kutseka zenera, kuopa kuti odutsa angamve.

Lachiwiri lina anandiperekeza kusikelo. Mwana wanga Tusekile ndinamufunditsa shawelo ya pepo, osakumbukira kuti okana teremu yachitatu akuvala tinsalu ta mtundu umenewo. Padepoti anyamata atatu a chipani anatitsekera njira. Mmodzi anakoka shaweloyo, mwana ali kumsana.

"Sisi, ndiye mwaphunzitsa ndi khanda lomwe kukana?"

Mwana wa miyezi isanu akudziwa chiyani za mpando wawowo? Ndikakumbukira, mtima umandiwawabe.

Mayiwo anamasula shaweloyo pang'onopang'ono kuti mwana asadzuke, n'kuimanga kumutu kwawo ngati duku.

"Wokana ndine, mwanayu musiyeni. Iwe, si mwana wa a Nachisale a ku Mbedza iwe? Menya, ndikawauze amako kuti dzanja lako lakula."

Anyamata aja anayang'anana, n'kupatuka.

Shaweloyo sanandibwezere. Amaivala popita kumsika tsiku lililonse. Ine ndimaopabe ndikaona anyamata aja, koma zenera lija ndinasiya kutseka.